Kulowa M'makompyuta Akutali ndi Chida Chimodzi

Makompyuta ambiri amene amagwira ntchito zikuluzikulu masiku ano alibe sikirini kapena kiyibodi, ndipo palibe munthu amene amakhala patsogolo pake. Amakhala m'zipinda zozizira zokhomedwa, atasanjikizana m'mashelefu achitsulo, ena m'nyumba yomweyo, ena kutsidya kwa nyanja. Awa ndi maseva, ndipo ndiwo amasunga maakaunti a m'banki, mayina a odwala, magiredi a ophunzira ndi maimelo a ku ofesi. Komabe tsiku lililonse pamafunika munthu wowayang'anira: woika zokonza zatsopano, wotsegulira akaunti wantchito watsopano, wofufuza chimene chaimitsa seva pakati pa usiku. Munthu ameneyu sayenda ulendo ayi. Amalowa m'makompyutawo ali pampando wake, kudzera pa netiweki.

Chovuta n'chakuti makompyuta salandira wolowa m'njira imodzi. Mtundu uliwonse uli ndi protocol yake, kutanthauza malamulo a mmene makompyuta awiri ayenera kulankhulirana. Katswiri wa bungwe lokhala ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu atha kukhala ndi seva ya Linux, seva ya Windows, makompyuta a akalaliki ndi rauta yakale, ndipo chilichonse chimafuna pulogalamu yakeyake. N'chifukwa chake anthu anapanga zida zosonkhanitsa njira zonsezi pa windo limodzi. Zida zimenezi zimapepula ntchito kwambiri, koma zimabweretsanso udindo umene ambiri sauona poyamba. Kuti timvetse zonse ziwiri, tiyambe ndi njira zolowerazo.

Njira zinayi zolowera

Yakale kwambiri ndi Telnet. Inayamba mu 1969 pa ARPANET, netiweki ya ku America imene inadzabala intaneti, ndipo malamulo ake anakhazikitsidwa mu 1983. Kagwiridwe kake n'kophweka: mukalemba chilembo pa kiyibodi, chimapita ku kompyuta yakutali, ndipo yankho limabwera ngati mawu pa sikirini yanu. M'masiku amenewo netiweki inali ya mayunivesite ndi malo ofufuzira ochepa amene ankadziwana, choncho panalibe maganizo obisa zimene zikudutsa. Mpaka lero Telnet imatumiza chilichonse poyera, dzina ndi pasiwedi zomwe, ndipo aliyense amene watchera khutu panjira amawerenga zonse.

Zimenezi n'zimene zinachitika ku Helsinki University of Technology, m'dziko la Finland, mu 1995. Munthu wina anatchera pulogalamu yomvetsera pa netiweki ya yunivesiteyo n'kutola mapasiwedi a anthu ambirimbiri. Wofufuza wina wa pasukuluyo, Tatu Ylönen, anakhala pansi n'kulemba SSH, imene imagwira ntchito ya Telnet koma imasokoneza uthenga wonse kuti womvetsera panjira aone zilembo zopanda tanthauzo. Anaitulutsa mwaulere mu July chaka chomwecho. Ntchito iliyonse pa seva imakhala ndi khomo lake la nambala, limene akatswiri amati port. FTP, yotumizira mafayilo, inali pa 21, Telnet pa 23, ndipo 22 inali yopanda mwini. Ylönen anaipempha, anampatsa, ndipo SSH ili pa 22 mpaka lero. Mu 1999 gulu la OpenBSD linatulutsa OpenSSH, imene tsopano ili pafupifupi pa seva iliyonse ya Linux, ndipo chaka chomwecho Simon Tatham wa ku Britain anatulutsa PuTTY, imene inathandiza ogwiritsa ntchito Windows kulowa m'maseva amenewa.

Pali kanthu kamodzi ka SSH koyenera kukaonetsetsa. Mukalowa mu seva koyamba, pulogalamu imakuonetsani chidindo cha sevayo, mzere wautali wa zilembo ndi manambala, n'kukufunsani ngati mukuchivomereza. Mukavomera, kompyuta yanu imachisunga. Tsiku lina chidindocho chikasintha, pulogalamu imakuchenjezani mwamphamvu. Mwina seva yangokonzedwa mwatsopano, koma mwinanso wina waima pakati akudzionetsa ngati seva yanu. Katswiri wosamala amayamba wafufuza asanavomere. Ubwino wina wa SSH ndi wakuti pa ntchito wamba imanyamula mawu okhaokha, choncho imagwira ntchito ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo sidya bandulo kwambiri.

Njira yachitatu ndi RDP ya kampani ya Microsoft, imene inatuluka mu 1998 pamodzi ndi Windows NT 4.0 Terminal Server Edition. Khomo lake ndi 3389. M'malo mwa mawu okha, RDP imakupatsani sikirini yonse ya Windows, mausi ikuyenda, mawindo akutseguka, ndipo imatha kunyamula phokoso, kulumikiza printa ndi kukopera mafayilo. Pa kompyuta wamba ya mu ofesi, mukalowa ndi RDP, sikirini ya munthu amene ali pamalopo imatsekeka, ndipo saona zimene mukuchita. Dziwaninso kuti Windows ya mtundu wa Home imatha kulowa mu kompyuta ina ndi RDP, koma iyo yokha silandira wolowa.

Yachinayi ndi VNC, imene inapangidwa ku Cambridge m'dziko la England, pa malo ofufuzira a Olivetti ndi Oracle, ndipo inaperekedwa kwa anthu onse mu 1998. VNC sisamala kuti kompyuta yakutaliyo ndi ya Windows, Linux kapena Mac. Imangojambula sikirini n'kutumiza tizidutswa ta chithunzi timene tasintha. Nthawi zambiri inu ndi munthu amene ali pa kompyutayo mumaona chinthu chimodzi, choncho imathandiza pophunzitsa kalaliki amene wasokonezeka ndi pulogalamu ya malipiro. Koma VNC yoyambirira sibisa uthenga, ndipo pa pasiwedi imawerenga zilembo 8 zoyamba zokha. Khomo lake limayambira pa 5900.

Ntchito ikachuluka

Munthu amene amasamalira makompyuta atatu savutika. Amaloweza maadiresi ake pamtima. Koma akafika makumi asanu kapena zana, zinthu zimayamba kusokonekera. Pa sikirini pamakhala mawindo a PuTTY asanu ndi limodzi, onse akuda, onse ofanana. A RDP atatu. A VNC awiri. Maadiresi ali m'fayilo ya Excel, mapasiwedi ena m'kope, ena pakapepala komata pansi pa kiyibodi, ena m'mutu mwa mnzake amene ali pa tchuthi. Ngozi imene akatswiri onse amaiopa imabadwira pamenepa: kulemba lamulo lozimitsa kapena lofufuta pa windo lolakwika, n'kugwetsa seva imene anthu akugwiritsa ntchito m'malo mwa seva yoyeserera.

Chida chimodzi chimathetsa chipwirikiti chimenechi m'njira zitatu. Choyamba, chimasunga mndandanda wa makompyuta onse, osanjidwa m'mafoda monga mwa ofesi kapena ntchito, aliyense ndi dzina lomveka, adiresi, protocol ndi khomo lake. Chachiwiri, chimatsegula kompyuta iliyonse pa windo lomwelo, moyandikana, kotero kuti mumadumpha kuchoka pa seva ya Linux kupita pa ya Windows ndi kudina kamodzi. Chachitatu, chimasunga mayina ndi mapasiwedi, ndipo zida zambiri zimalola kuti foda yonse itengere akaunti imodzi, kuti pasiwedi ikasintha musinthe pamalo amodzi basi.

Tisasokoneze chinthu chimodzi: chida sichisintha protocol imene ili pansi pake. Telnet yotsegulidwa mu pulogalamu yokongola ikadali Telnet, ndipo ikutumizabe pasiwedi poyera. Ndipotu zida zambiri sizinalembe njira zimenezi mwatsopano. Zimabwereka mapulogalamu odziwika kale n'kuwaika m'kati mwa windo lawo.

Zida zodziwika

Pa Windows, chida chaulere chimene ambiri amayambira ndi mRemoteNG. Chimatsegula RDP, VNC, SSH, Telnet ndi masamba a browser oyendetsera marauta. Pa SSH ndi Telnet chimagwiritsa ntchito PuTTY m'kati mwake. Mndandanda wonse umasungidwa m'fayilo imodzi yotchedwa confCons.xml, ndipo tibwereranso ku fayilo imeneyi posachedwa.

Pa Linux pali Remmina, imene imapezeka mosavuta pa Ubuntu, Debian ndi Fedora. Imatsegula RDP kudzera mu FreeRDP, komanso VNC, SSH ndi SPICE, njira yolowera m'makompyuta ongoyerekezera amene amakhala m'kati mwa seva yaikulu. Kompyuta iliyonse imakhala ndi kafayilo kake, ndipo mapasiwedi atha kusungidwa m'malo okhoma a Linux yomweyo. Remmina imathanso kudutsitsa VNC m'kati mwa SSH, zimene zimabisa uthenga umene VNC ikanatumiza poyera.

Palinso zida za makampani. MobaXterm ya kampani ya Mobatek ya ku France imakondedwa ndi anthu ogwira ntchito pa maseva a Linux ali pa Windows. Remote Desktop Manager ya Devolutions, ya ku Quebec m'dziko la Canada, ndi Royal TS zimapangidwira magulu: mndandanda umakhala umodzi, ndipo mkulu wa gulu amasankha kuti uyu aone maseva ati, uyo aone ati.

Apache Guacamole inatenga njira ina. Michael Jumper ndiye anaiyambitsa, ndipo mu 2017 inakhala imodzi mwa ntchito zokhazikika za Apache Software Foundation. Siikidwa pa kompyuta ya katswiri ayi. Imaikidwa pa seva imodzi yoima pakhomo la netiweki ya bungwe. Katswiri amangotsegula browser, kulemba adiresi, kulowa, n'kuona mndandanda wa makompyuta amene waloledwa. Akadina imodzi, browser imalankhula ndi seva ya Guacamole, ndipo kumbuyo kwake kapulogalamu kotchedwa guacd ndiko kamalankhula RDP, VNC, SSH kapena Telnet ndi kompyuta yofunikayo, n'kubweza chithunzi ku browser. Phindu lake ndi lalikulu. Pasiwedi ya seva itha kukhala pa Guacamole pomwepo, wolowayo osaiona n'komwe. Zimene wachita zitha kujambulidwa kuti ziunikidwe pambuyo pake. Ndipo munthu akasiya ntchito, akaunti imodzi ikatsekedwa, makomo onse amamutsekekera. Mu 2020, pamene Covid-19 inakhazika antchito ambiri kunyumba, njira yotereyi inapulumutsa mabungwe ochuluka.

Makiyi onse pamalo amodzi

Mlonda amene amamangirira makiyi a zitseko zonse pa waya umodzi amatsegula mwachangu, koma tsiku limene wayawo watayika, nyumba yonse yatseguka. Chida chimodzi chili chimodzimodzi. Kale wakuba ankayenera kuswa seva iliyonse payokha. Tsopano akangolowa mu laputopu ya katswiri, wapeza maadiresi onse, mayina onse ndi mapasiwedi onse, atasanjidwa kale bwinobwino.

Fayilo ija ya confCons.xml ndi chitsanzo chapafupi. Mukaitsegula, mapasiwedi amaoneka osokonezedwa, ndipo munthu amaganiza kuti ndi otetezeka. Koma ngati mwini wake sanaike pasiwedi yaikulu yakeyake, mRemoteNG imagwiritsa ntchito mawu obisira amene analembedwa mu pulogalamu momwemo, ofanana kwa aliyense padziko lonse, ndipo ndi odziwika. Wakuba amene wakopera fayiloyo amamasula mapasiwedi onse m'kanthawi kochepa. Fayilo yotereyi ikatumizidwa pa imelo, kapena ikasiyidwa pa flash imene imayendayenda mu ofesi, ndiye kuti makiyi agawidwa.

Chida chokha chithanso kukhala ndi mpata. Mu 2020 ofufuza a kampani ya Check Point anaonetsa kuti kompyuta imodzi yogwidwa kale m'kati mwa netiweki ikanatha kutembenukira seva ya Guacamole pamene wina akulowamo, n'kuilanda, kenako n'kumaona zonse zimene anthu ena akuchita. Opanga Guacamole anatseka mpatawo mu mtundu wa 1.2.0, koma anapulumuka ndi okhawo amene anaika mtundu watsopanowo.

Nkhani imene inagwedeza anthu kwambiri ndi ya Kaseya, kampani ya ku America yopanga chida chotchedwa VSA, chimene makampani osamalira makompyuta a anthu ena amayendetsera makina ambirimbiri ali kutali. Pa 2 July 2021 gulu la akuba lotchedwa REvil linalowera pa mpata wa mu VSA n'kuigwiritsa ntchito pofalitsa pulogalamu yokhoma mafayilo ndi kufuna dipo. Makasitomala a Kaseya amene anagwidwa mwachindunji sanapitirire 60, koma kudzera mwa iwo vutolo linafika ku mabizinesi okwana pafupifupi 1,500. Ku Sweden, masitolo a Coop pafupifupi 800 anatseka chifukwa makina olipirira anasiya kugwira ntchito. Mphamvu yomweyo imene imalola katswiri mmodzi kukonza makompyuta chikwi nthawi imodzi inalola akuba kuwononga makompyuta chikwi nthawi imodzi.

Kuchigwira bwino

Zimenezi sizikutanthauza kuti tibwerere ku timapepala tomata pansi pa kiyibodi. Chida chimodzi chosamalidwa bwino n'chotetezeka kuposa chipwirikiti chija. Koma pali zinthu zosafunika kuzinyalanyaza.

Choyamba ndi pasiwedi yaikulu. Iikidwe tsiku lomwe chida chaikidwa, ikhale yaitali, ndipo isagwiritsidwe ntchito kwina kulikonse. Pa maseva a SSH, ndi bwino kusiya mapasiwedi n'kugwiritsa ntchito makiyi a SSH, amene amabwera awiriawiri: imodzi imaikidwa pa seva, inayo imakhala kwa mwini wake yekha ndipo sichoka pa kompyuta yake.

Chachiwiri, pasiwedi yokha sikwanira pakhomo lalikulu. Pafunika chitsimikizo chachiwiri, monga nambala yosinthasintha ya pa foni. Mu May 2021 kampani ya Colonial Pipeline, imene imapopa mafuta kum'mawa kwa America, inaimitsa mapaipi ake kwa masiku angapo ndipo inalipira dipo la madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Akuba analowera pa akaunti yakale ya VPN (njira yolowera mu netiweki ya bungwe uli kutali) imene sinatsekedwe, pasiwedi yake inali itatuluka kale, ndipo panalibe chitsimikizo chachiwiri. Akaunti za anthu amene anachoka zitsekedwe tsiku lomwelo, ndipo aliyense alowe ndi dzina lake, kuti zolembedwa zionetse amene anachita chinthu.

Chachitatu, makomo a RDP, VNC ndi Telnet asayang'ane pa intaneti. Usana ndi usiku pali mapulogalamu amene amayendera adiresi iliyonse padziko, akugogoda pa 3389, 5900, 23 ndi 22. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi marauta zikwi mazanamazana kudzera pa Telnet, pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60. Pa 21 October chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinathira nkhondo kampani ya Dyn, imene masamba ambiri ankaidalira, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anavuta kutseguka kwa maola ambiri. Mu May 2019 Microsoft inalengeza za mpata wa mu RDP wotchedwa BlueKeep, umene ukanalola wakuba kulowa popanda pasiwedi n'komwe. Unali woopsa moti kampaniyo inatulutsa chokonza ngakhale cha Windows XP, imene inali itasiya kuisamalira mu 2014. Njira yabwino ndi kukhala ndi khomo limodzi lolimba, kaya VPN, kaya seva yodumphira ya SSH, kaya Guacamole, ndipo makompyuta ena onse alandire wolowa wochokera pakhomo limenelo basi. Rauta yakale imene imadziwa Telnet yokha ikhale m'kati mwenimweni mpaka itasinthidwa.

Chachinayi ndi dongosolo la mndandanda. Mayina akhale omveka, osonyeza malo ndi ntchito ya kompyuta. Maseva amene anthu akugwiritsa ntchito asiyanitsidwe ndi oyeserera, ngakhale ndi mtundu wa windo, ofiira apa, obiriwira apo. Zida zina, monga MobaXterm, zimalola kulemba lamulo limodzi n'kulitumiza ku maseva ambiri nthawi imodzi. Zimenezi zimafulumizitsa ntchito, koma lamulo lolakwika limafikanso konsekonse, choncho liyesedwe kaye pa seva imodzi.

Chomaliza, ganizirani za tsiku limene chidacho chidzafa. Seva ya Guacamole itha kuzima magetsi akathima, laputopu itha kubedwa, intaneti itha kuduka. Bungwe likhale ndi kope la mndandanda losungidwa mobisa pamalo ena, likhale ndi akaunti yapangozi imene pasiwedi yake yakhomeredwa mu sefa, ndipo pakhale munthu wodziwa kulowa mu rauta ndi chingwe ali pamalopo. Katswiri aliyense adziwenso kulowa mu seva ndi SSH kapena RDP popanda chida, chifukwa wodalira kudina kokha amasowa pogwira windo lija likakana kutseguka.

Kwa munthu amene amagwira ntchito yekha, mRemoteNG kapena Remmina yokhala ndi pasiwedi yaikulu ndi yokwanira. Kwa gulu la anthu angapo, kapena bungwe limene limalola akatswiri akunja kulowa, khomo limodzi ngati Guacamole kapena chida cha magulu ndicho choyenera. Mulimonse mmene mungasankhire, kompyuta imene chidacho chakhalapo ndiyo yofunika kwambiri pa netiweki yanu yonse. Muiteteze kuposa seva ina iliyonse, muziikamo zokonza zatsopano zikangotuluka, ndipo musaibwereke kwa munthu.